Galimoto Imene Inkaitana Ng'ombe

Anzanga akamakamba za agogo awo amatchula utsi wa nkhuni ndi fodya wa m'mphuno. Ine agogo anga a Daka akandibwerera m'mutu, chimene chimayamba kufika ndi fungo la oyilo wakuda losakanikirana ndi la gaga, fungo limene linali m'malaya mwawo, m'chipewa mwawo, ngakhale m'jekete ya ku tchalitchi imene ambuya, akazi awo, ankaichapa akung'ung'udza. Kenaka ndimaona kagalimoto kawo koyera kataima pansi pa mtengo wa mango m'mudzi mwathu kufupi ndi Minga, boneti itayasama atayichirikiza ndi kamtengo, dzuwa likungotuluka kumene, nkhuku zikutolatola pafupi ndi matayala, iwo ataweramira mu injini ngati munthu wosuzumira m'nkhokwe.

M'mawa uliwonse mwambo unali womwewo, kaya pali ulendo kaya palibe. Ankasolola kachitsulo koyezera oyilo, n'kukapukuta ndi chigamba cha chitenje chakale cha ambuya, n'kukabwezera, n'kukasololanso, n'kukayang'ana kudzuwa diso limodzi atatsinzina. Ankathira madzi mu ladiyeta ndi ketulo ya tiyi, mitu ya batire ikayamba kuchita zoyerayera ankaitsuka ndi madzi otentha a soda, ndipo pomaliza ankazungulira galimoto yonse akumenya tayala lililonse ndi chidendene. Pa unyamata wawo anayendetsapo malole a thonje, choncho pa nkhani ya galimoto sankafunsa munthu. Kunena zoona, pa nkhani ina iliyonse sankafunsanso munthu.

"Motoka ni munthu," ankatero akutseka boneti. "Ukaipatsa moni kuseni, siingakuchititse manyazi masana."

Ndinkakhala ndi agogo ndi ambuya chifukwa amayi ankagwira ntchito ku Lusaka. Agogo ankanditchula mkazi wawo wamng'ono, monga amachitira agogo kwathu, ndipo ambuya ankanditchula mkazi mnzawo, makamaka akafuna kundituma ku mjigo. Dzina langa lenileni, Dailesi, ndinkalimva kusukulu kapena ndikalakwa.

Kagalimotoko kanali kokalamba kuposa ine kutalitali, ndipo ngakhale kankapatsidwa moni m'mawa uliwonse, kanali ndi matenda ake amene agogo sankafuna kuwachiza. Lamba wa injini ankalira kuti kwiiii akangoponda moto. Ekizozi inkagunda pansi pa galimoto, gwedegwede, pa dzenje lililonse. Mu wailesi munakanirira kaseti imodzi ya kalindula kuyambira ine ndisanayambe sukulu, ndipo sipika yokhayo imene inkagwira ntchito, ya m'chitseko cha dalaivala, inali yong'ambika, moti gitala ankamveka ngati njuchi yotsekeredwa m'chitini. Ambuya, amene anali a chigwirizano cha amayi ku tchalitchi ndipo nyimbo zoterozo ankati n'za kumowa, sankatopa kudandaula.

"A Daka, imwe mupukuta motoka monga mwana, koma lamba uyo alila chaka chonse. Simumvela?"

"Lamba akalila ndiye kuti alipo, amake Filipo. Lekani alile."

Ntchito ya galimotoyo inali kunyamula chimanga cha anthu kupita nacho ku chigayo cha kumsewu wa tala. Eni chimanga ankawasiyira gaga, ndipo gagayo anali wa ng'ombe zathu ziwiri zolimira. Yaikulu, yofiira, yamwano, inali Bantomu. Inzake inali yakuda, yofatsa, yokhala ndi banga loyera pansi pa khutu, ndipo inali yanga, chifukwa agogo anandipatsa ikadali kamwana mayi wake atafa. Ndinaimwetsa phala m'botolo ndi manja angawa, ndipo dzina loti Ndolo ndinaipatsa ndine. Madzulo galimoto ikamakhota kuchokera kumsewu, kalindula akulira, ziwirizo zinkasiya msipu kudambo n'kuyamba liwiro, michira ili m'mwamba, n'kudzafika pakhomo limodzi ndi agogo. Iwo ankatsegula buti, n'kutsitsa thumba la gaga, n'kuwaza kamchere pamwamba, akuyang'ana uku ndi uku kuti aone ngati pali mlendo woti adabwe.

Ng'ombe zathu zinabedwa mwezi wa Okutobala, kunja kukutentha, mitambo itayamba kale kusonkhana chakumadzulo. Tinadzuka m'mawa n'kupeza mitengo ya kumbuyo kwa khola itazulidwa bwinobwino n'kuikidwa pambali. Amuna a m'mudzi anatsatira mapazi mpaka pa tala, pamenepo mapazi n'kutha. Agogo anakanena ku polisi, ena anazungulira panjinga, koma kulikonse yankho linali lakuti sitinazione. Aliyense ankadziwa tanthauzo lake ngakhale panalibe wolitchula. Munda wathu unali waukulu, ambuya msana unkawavuta, ndipo wobwereka ng'ombe amalima eni ake atatha, mvula yoyamba itapita kale. Ine za mundawo sindinkaziganiza n'komwe. Ndinkangolira Ndolo.

Agogo sanalire, sanatukwane. Anakhala pa mpando wawo tsiku lathunthu akuyang'ana galimoto, kenaka anamenya bondo.

"Zija ng'ombe zidziwa nyimbo yanga. Vuto ni yakuti nyimbo siifika patali. Tizaikuza."

"Mufuna kuitana ng'ombe na wailesi?" anafunsa ambuya.

"Nanga masiku onse nimaziitana na chani?"

M'mawa mwake ananyamula matumba a mtedza amene ankasungira kugulitsa mitengo ikakwera, n'kunditenga ine, ulendo wa ku boma ku Petauke. Kuseri kwa msika kunali bambo wina wokonza mawailesi, a Sakala, munthu wonenepa wa magalasi omangidwa ndi ulusi, amene kashopu kake kankanunkha mtovu wosungunula. Atamva nkhani yonse anavula magalasi n'kuwapukuta, ndikhulupirira pofuna kubisa kuseka.

"Bambo, iyi wailesi ni ya makolo. Tiichotse, tiikemo ya fulashi. Nyimbo mazanamazana."

"Ng'ombe zanga sizidziwa mazanamazana. Zidziwa iyi. Wailesi musaigwile, muipatse chabe mphamvu."

Ndinakhala pa kreti ya mabotolo n'kumaonerera. A Sakala anaika ampu pansi pa mpando wakutsogolo, kabokosi kachitsulo kokuza mawu. Anakoka waya wonenepa wofiira kuchokera ku batire, n'kumudutsitsa pakabowo ka kuseri kwa injini, ndipo agogo anaumirira kuti pawayapo paikidwe fyuzi, poti sankafuna kuwotcha galimoto chifukwa cha gitala. Waya wakuda anamumangira pa bawuti ya mpando atapala penti kuti chitsulo chigwirane ndi chitsulo. Sipika yong'ambika ya m'chitseko anaidula mawaya n'kuwakulunga ndi tepi. Pomaliza anatulutsa chibokosi chathabwa chokhala ndi masipika awiri aakulu ngati mbale zosambira m'manja, ndipo iye ndi agogo anachikweza padenga la galimoto n'kuchimanga ndi malegeni, timizere ta chubu chakale cha tayala. Atayatsa, amayi ogulitsa tomato anadzidzimuka, galu amene anagona pamthunzi anathawa, ndipo ine ndinamva ng'oma ikugunda m'mimba mwanga. Kwa nthawi yoyamba ndinamva kuti m'nyimbomo munali mawu a anthu oimba.

"Koma iyi ampu idya batili maningi," anachenjeza a Sakala. "Osaliza injini ili yozima."

"Muniuza ine za batili?" anatero agogo, ndipo a Sakala anapepesa.

Popeza ulendo unali wa m'misewu ya fumbi, agogo anaganiza zoti galimoto ipite ili yamphumphu. Masana omwewo, pansi pa mtengo pafupi ndi shopu ya zipangizo, anakhetsa oyilo wakale m'chigubu chodula pakati, n'kuthira watsopano wooneka ngati uchi. Anamasula mapulagi, n'kuwapala ndi kasandipepa, n'kuwabwezera. Sefa ya mpweya anaigogoda pa tayala mpaka fumbi la zaka linatuluka. Anagula lamba watsopano n'kumukoka mpaka atalimba, ndipo ekizozi anaimanga ndi waya kuti isagundenso. Pobwerera anazimitsa wailesi kuti amve ntchito ya manja awo, ndipo injini inkangoti ndiii ngati makina osokera. Tinalowa pakhomo ambuya atatifulatira, akupeta mtedza wotsala, ndipo agogo ataliza hutala lichero linagwa pansi.

"Mufuna kunipha? Muyenda monga mfiti lelo!"

Agogo anaseka mpaka kutsokomola. Anali okondwa kwambiri ndi galimoto yawo tsiku limenelo.

Ambuya anati apita nafe, chifukwa pafunika munthu wopepesa kwa anthu. Ndipo anapepesadi. Tinkanyamuka m'mawa, kulowa m'misewu ing'onoing'ono ya kupitirira Minga kulowera ku Nyimba, agogo n'kuima pafupi ndi dambo lililonse, n'kukweza wailesi mpaka pamapeto. Ana ankatithamangira pambuyo akuvina, fumbi lili koboo. Amuna ankatuluka m'nyumba kufunsa kuti ndi chipani chanji. Mayi wina anabwera ndi mwana kumbuyo poganiza kuti ndi a chipatala abwera ndi katemera. Ng'ombe za eni ake zinkathawira kutchire, abusa akutitukwana, ambuya atatulutsa mutu pawindo akuomba m'manja kupempha chikhululukiro. Masiku anapita choncho, mitambo ikunka ikuda, koma agogo madzulo aliwonse ankangolonjeza za mawa, n'kumati, "Mailo tizazipeza," ngati akunena za nkhuku yogona kwa aneba.

Amene anatithandiza anali amayi a pa mjigo wina pamene tinaima kutunga madzi a mu ladiyeta. Ambuya anacheza nawo pang'onopang'ono monga amachitira amayi, kuyambira pa za mvula mpaka kufika pa za ng'ombe, ndipo mmodzi anati a Mumba a kutsidya kwa mtsinje agula ng'ombe yofiira posachedwapa kwa anthu odutsa.

A Mumba anali mlimi wamtali, wolankhula mofatsa, amene anasamukira kumeneko kuchokera cha ku Katete. Anatilandira bwino, anatipatsa mipando, ndipo atamva chimene tabwerera anatuma mwana kukaitana akuluakulu a m'mudzimo kuti pakhale mboni. Ng'ombe zake zinali pa chitsime cha kumunsi kwa nyumba, ndipo pakati pawo panali Bantomu. Nsonga za nyanga anazidula, ubweya wa kumchira anaumeta, khutu analicheka chizindikiro chatsopano, koma kaimidwe kamwano kaja sakanakameta. Ndinayang'ana ng'ombe iliyonse yakuda kawirikawiri. Ndolo panalibe, ndipo ndinadziuza kuti mwina ili kuseri kwa chulu.

"Bambo Daka, ine sinikana kuti munabeledwa," anatero a Mumba. "Koma ine ninagula, na mboni zilipo. Ng'ombe zofiila ni zambili. Mukaitana kuti Bantomu, muno m'mudzi zizabwela zisanu. Chizindikilo chanu chili pati?"

Chizindikiro panalibe, poti agogo sankadinda ng'ombe zawo. Ankati munthu sadinda mwana wake. Munthu wina akanayamba kuchonderera, koma agogo anaimirira, n'kukonza chipewa, n'kulankhula mokweza kuti ndi a kumbuyo omwe amve.

"Ine sinizatsegula pakamwa. Sinizaliza mluzu, sinizaonetsa gaga. Motoka yanga izaiitana. Ikachoka pa zinzake na kubwela yeka, ni yanga. Ikakana, ni yanu, ndipo simuzanionanso."

Ambuya anawakoka jekete, koma mawu anali atatuluka kale, akuluakulu atagwedeza mitu. A Mumba anavomera. Anthu anali atadzaza pabwalo, ena atakwera pa ngolo kuti aone bwino.

Agogo analiza injini, n'kukweza wailesi. Chibokosi cha padenga chinabangula, nkhunda zinauluka pa denga la nkhokwe, ana anayamba kuvina. Ng'ombe za a Mumba zinadzidzimuka n'kusunthira kutali. Bantomu anadzutsa mutu, anayang'ana galimoto kamodzi, n'kutembenuka kutsatira zinzake, akugwedeza kamchira kake kometedwa. Nyimbo yoyamba inatha. Yachiwiri inatha. Munthu wina kumbuyo anaseka, kenaka kuseka kunafalikira bwalo lonse. Ndinayang'ana agogo ndipo ndinaona thukuta likutsika m'khosi mwawo, dzanja lili pa chokwezera mawu chimene chinali chitafika kale pamapeto. Ndinachita mantha, chifukwa nkhope yoteroyo ndinali ndisanaione pa iwo.

Ambuya anapita pawindo la dalaivala. Sananong'one, poti ambuya kunong'ona sankakudziwa.

"A Daka, zimyani ico chinthu. Ine nakhala na imwe zaka zonse izi, koma tsiku lija munalowa pakhomo sininakumveleni. Ine munthu, mkazi wanu. Manje ng'ombe izakudziwani bwanji? Iyi si motoka yanu. Yanu ilila monga mbuzi."

Agogo anazimitsa wailesi. Kenaka anatuluka, n'kupita kwa akuluakulu aja, n'kuvula chipewa.

"Makolo, ninati motoka yanga izaiitana. Iyi naikonza maningi, yasintha mawu. Nipempha mpata niibwezele mwakale."

Akuluakulu anayang'ana a Mumba. A Mumba akanatha kukana, ndipo palibe akanawadzudzula. Koma anangotambasula manja n'kunena kuti, "Ngati ni yanu, ni yanu. Chitani."

Sindinaonepo munthu akuwononga ntchito ya manja ake mosamala chotero. Anatsegula boneti, n'kukulunga dzanja m'chigamba chifukwa injini inali yotentha, n'kumasula bawuti ndi sipanala mpaka lamba watsopano uja atakhwefuka. Anagona chagada m'fumbi, jekete ndi yonse, n'kumasula waya wa ekizozi. Anazula mawaya a ampu, n'kugwada pa chitseko, n'kumatula tepi ya a Sakala ndi mano, n'kulumikizanso sipika yong'ambika ija. Atatha anadzikung'untha, n'kulowa m'galimoto, n'kubwerera chambuyo mpaka kuseri kwa mitengo kumene msewu unkakhotera, chifukwa kwathu sankaitana ng'ombe ataima, ankabwera akuyenda.

Pabwalo panali zii. Kenaka patali tinamva kwiiii, kenaka gwedegwede, ndipo pansi pa zonsezo kanjuchi ka m'chitini kaja, kakang'ono, komvetsa chisoni, koti munthu woima kumbuyo sakanakamva n'komwe.

Bantomu anasiya kudya. Makutu anaima. Analira kamodzi, kulira kwakuya kochokera m'mimba, n'kukankha ng'ombe imene inali patsogolo pake, n'kuyamba liwiro. Anthu anabalalika kumupatsa njira. Anadutsa pakati pa mipando, anagwetsa ndowa ya madzi, n'kukafika pa galimoto isanaime bwino, n'kuzungulira kumbuyo, n'kuika mphuno pa buti, mbali ya kumanja, pamene penti inali itayera mpaka chitsulo chifukwa cha lilime lake lofuna mchere. Amayi anaimba nthungululu. Agogo anatuluka pang'onopang'ono, milomo atatseka monga analonjezera, n'kuloza ndi chala pamalo onyambitidwapo kuti akuluakulu aone.

A Mumba anabwera, anawerama, anayang'ana. Anaona kuti malo otero analipo awiri, ena kumanja pamene panali mphuno ya Bantomu, ena kumanzere pamene panalibe kanthu.

"Ni yanu, bambo," anatero. "Nataya, koma ni yanu."

"Nanga Ndolo?" ndinafunsa ine, ngakhale mwana safunsa pamene akulu akukamba. "Yakuda, ili na choyela apa?"

A Mumba anayang'ana agogo, agogo anayang'ana pansi. Kenaka bamboyo anagwada kuti alingane nane.

"Mwana wanga, zenze ziwili zoona. Yakuda yenze itsimphina, sininaigule. Anapita nayo ku Nyimba, ku mabucha. Papita masiku."

Sindikumbukira kuti ndinalowa bwanji m'galimoto. Ndikudziwa kuti agogo ndi a Mumba anagwirana chanza nthawi yaitali n'kupangana zokaonana ku polisi kuti a Mumba akafotokoze maonekedwe a anthu aja. Ndikudziwanso kuti agogo, polowa, anauza ambuya kuti, "Nenze nidziwa kuti ni lamba."

Ulendo wobwerera unali wa pa liwiro la ng'ombe. Bantomu sanafune chingwe, ankangotsatira buti, galimoto ili mu giya yoyamba, kanyimbo kakulira m'chitseko. Injini inkatentha chifukwa cha kuyenda pang'onopang'ono ndi lamba wokhwefuka, choncho tinkaima pa mjigo uliwonse, agogo n'kudikira kuti izizire asanatsegule ladiyeta, ng'ombe n'kumwa, galimoto n'kumwa. Tinagona panjira kwa achibale a ambuya, n'kupitiriza m'mawa. Ine ndinagwada pa mpando wakumbuyo njira yonse, ndikuyang'ana Bantomu pagalasi. Ankayenda mbali ya kumanja, monga pagoli, ndipo kumanzere kwake kunali msewu wokha.

Tinafika kwathu dzuwa litapendeka, petulo n'kuthera pansi pa mango penipeni. Anthu a m'mudzi anabwera kudzaona, anasangalala, anawatcha agogo mayina aulemu, ndipo mneba wina amene anali ndi ng'ombe imodzi yokha anati aziphatikiza ndi Bantomu, alime minda yonse iwiri. Munda unapulumuka. Aliyense anabwerera kwawo akuseka, ndipo ine ndinakwiya nawo onse.

Ndinatsala pa khola. Bantomu anali atadya gaga wake, koma ankangotembenuka kuyang'ana kumsewu n'kumalira. Agogo anabwera kudzaima pambali panga, akupukuta manja.

"Agogo," ndinatero, "mwina a Mumba ananama. Mwina inathawa panjila. Aka kasipika ni kang'ono, sikangafike ku Nyimba. Lizani cikulu cija."

Ndinali wamkulu mokwanira kudziwa tanthauzo la mabucha, ndipo iwo ankadziwa kuti ndikudziwa. Ankadziwanso, kuposa wina aliyense, kuti chibokosi chija sichinaitanepo ng'ombe ngakhale imodzi, kuti m'thanki mulibe petulo woliza injini, ndi kuti batire lakale ngati lawo likatheratu mwina silidzukanso. Komabe anapita ku galimoto, anagwada, n'kulumikizanso mawaya a ampu, osachotsa a sipika yong'ambika, kuti zilire zonse ziwiri. Anamasula malegeni, n'kutembenuza chibokosi kuti chiyang'ane kumadzulo, kumene kuli Nyimba, n'kukweza mawu mpaka pamapeto.

Ambuya anatuluka m'khitchini ndi chipande m'manja, pakamwa atatsegula kale kuti akalipe. Atationa, anabwerera, n'kutulukanso ndi mphasa, n'kuiyala pafupi ndi tayala. Tinakhala atatu, ine pakati, tikuyang'ana kumsewu, kalindula wa kumowa uja akugwedeza masamba a mango. Palibe chinabwera. Ndinalira mpaka kukhuta, mutu uli pa jekete yonunkha oyilo, ndipo palibe anandiuza kuti nditonthole. Pang'onopang'ono nyimbo inayamba kukoka, mawu a oimba ananenepa, gitala analefuka, mpaka zonse zinazima zokha dzuwa lisanalowe.

"Yamvela," anatero agogo. "Kulikonse ili, yamvela kuti tinaifuna."

Batire lija silinadzukenso bwino. Mpaka nthawi yokolola galimoto inkalira ndi chokankha, ndipo okankhawo tinali ine ndi ambuya, m'mawa uliwonse, agogo ali pa chiwongolero akutilamula ngati ndife ng'ombe zawo. Sanatchulepo ngakhale kamodzi chimene chinapha batirelo.

Agogo anatisiya ndili ku koleji. Lero ndimaphunzitsa ku Nyimba, ndipo ndili ndi kagalimoto kangakanga kakale, kamene oyilo wake ndimasintha ndekha, amuna odutsa akundiyang'ana modabwa. Ndine munthu wosachedwa kupsa mtima, ana a m'kalasi mwanga angakuuzeni, ndipo phokoso sindilikonda. Koma galimoto ikadutsa pa msewu waukulu nyimbo zili pamwamba mpaka mawindo a kalasi kunjenjemera, anzanga akamatukwana, ine ndimapezeka ndaima choko chili m'manja, ndikudzifunsa kuti kodi ameneyo akuitana yani.